Kalata kwa Wapampando wa CRFA: Ndalama ya Pageti Tiziona Kumene Ikupita

Olemekezeka a Wapampando,

Ndikulemba kuchokera ku Dedza. Ndine mmodzi wa anthu amene Loweruka kapena Lamlungu masana timapisa m'thumba pageti kuti tikaonere mpira wa matimu ang'onoang'ono a m'chigawo chino. Sindili m'komiti ya timu iliyonse, ndipo palibe mwana wanga amene akusewera. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi timaikamba tsiku ndi tsiku pa siteji ya kabaza, pachiwaya ndi m'mabawo, koma mawu athu amathera pomwepo osafika ku Central Region Football Association (CRFA), bungwe loyendetsa mpira m'chigawo chapakati, kumene inu mumakhala pampando.

Nkhani yake ndi mtengo wolowera pageti, ndi chimene munthu amapeza akalipira.

Choyamba ndivomereze kuti matimu akulira ndipo kulira kwawo nkoona. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chimene timu imafuna chidakwera nawo limodzi: mafuta, mpira weniweniwo, jezi, ngakhale nsapato za pakaunjika zimene anyamata ambiri amasewerera. Chigawo chathu nchachikulu, maboma 9, kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Kasungu ndi Nkhotakota. Timu ya kuno kumtunda ikamapita kukasewera kunyanja iyenera kuchita hayala minibasi yoti itsike Khwekhwerere mpaka ku Golomoti ndi kukweranso usiku womwewo, anyamata atadya kamodzi. Amene amalipira zonsezi nthawi zambiri ndi munthu mmodzi kapena awiri: mphunzitsi, wogula mbatatesi ku Bembeke nkumakagulitsa ku Lilongwe, mwini golosale. Osewerawo m'kati mwa sabata ali pa kabaza, kudimba, kapena pa ganyu yoswa miyala, ndipo gemu ikatha amalandira ya sopo, ikapezeka. Choncho timu ikanena kuti ikukweza mtengo wapageti, ine sindithamangira kuitcha yakuba.

Koma bwerani mudzaime nafe pamzere tsiku lina, osavala baji, osauza munthu. Pageti mudzapeza desiki ya m'kalasi, anyamata awiri kapena atatu, ndi jumbo. Tikiti palibe. Ukapereka ndalama amakulemba kamzere padzanja ndi cholembera cha inki, kapena amangokugwedezera mutu kuti pita. Ndalama ina imalowa m'jumbo, ina m'thumba la buluku, ati kusunga chenji. Mtengo sunalembedwe paliponse, ndiye umasintha malinga ndi nkhope: amene wavala bwino amauzidwa wina, mnzake wa wapageti amauzidwa wina, ndipo pali gulu lalikulu la achimwene, alamu ndi "a komiti" amene amadutsa atangokweza dzanja. Ukalowa nkucheuka, uona kuti pachulu chakuseri ndi m'mitengo ya bulugamu muli anthu ochuluka kuposa amene talipira, ndipo akuona bwino kuposa iwe, chifukwa iwe waima kuseri kwa chingwe ndipo kutsogolo kwako kuli mitu.

Gemu imene idalengezedwa kuti iyamba 2:30 imayamba 4 koloko itayandikira. Zifukwa zake timazidziwa pamtima. Alendo achedwa panjira. Oyimbira akana kuliza wezulo mpaka alandire zawo, ndiye wina wa komiti akuthamangira kugeti kukatapa m'jumbo muja. Mizere ya bwalo ikuthiridwa laimu ife tili kale m'kati. Inu mukudziwa kuti kuno ku Dedza mu June ndi July dzuwa likangopendeka kuseri kwa phiri, chisanu chimalowa m'mafupa ndipo mdima suchedwa. Magetsi a usiku pabwalo palibe. Mphindi zomaliza, zimene ndizo zokoma pa mpira, timaonera tikuyang'anitsitsa ngati mpira walowa kapena wadutsa pambali, ndipo mikangano yambiri imene imathera m'miyala imabadwa nthawi imeneyi. Amayi amene abwera ndi ana amakhala atanyamuka kale, ndipo chimodzi chimene chimawanyamula msanga ndi chimbudzi, chimene mwina kulibe, mwina chilipo koma nchosalowamo munthu.

Tsiku lina pa bwalo lina, limene sindilitchula, alendo sadafike nkomwe. Tidadikira mpaka oyimbira adapereka mapointi kwa eni bwalo. Titapita kukafunsa ndalama zathu, wapageti adatiyankha kuti, "Akulu, ndalama zapita kale." Zidapita kuti, mpira sudagundidwe ndi kamodzi komwe? Ndipo ngakhale akadafuna kubweza, akadadziwa bwanji amene adalipira ndi amene adadutsa pampanda, poti chizindikiro chathu chidali kamzere ka inki kamene thukuta lidafufuta kale? Ambiri amene ndidaima nawo tsiku limenelo sindiwaonanso pageti. Mpira sadausiye. Adasamukira pachulu.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, a Wapampando. Munthu wa kuno amalipira mpira akaona chimene akulipirira. Dedza Dynamos italowa mu Super League mu 2022, tidadzionera tokha: Big Bullets kapena Mighty Wanderers ikamabwera pa Dedza Stadium, anthu amachoka ku Lobi, ku Thete, ku Linthipe, kulipira thiransipoti, kulipiranso pageti mtengo woposa wa ligi yathu yaing'onoyi, ndipo amabwerera akuimba. Inde, mayina a matimuwo amakoka okha. Koma palinso china: tsiku ndi nthawi zimadziwika msanga, mtengo umalengezedwa pawailesi, tikiti umaigwira m'manja, ndipo gemu ikatha manyuzipepala kawirikawiri amalemba ndalama zimene zatoleredwa. Kumeneko nako madandaulo a ndalama zapageti sasowa, koma pali chiwerengero choti anthu akanganirepo. Kwathu kuno ngakhale chiwerengerocho palibe. Wosewera amene wathyola mwendo pa bwalo lodzaza anthu amauzidwa madzulo kuti geti sinayende bwino, ndipo alibe poyambira kutsutsa.

Muganizirenso amene mukupikisana naye. Masewero a ku England oyamba 3 koloko kwawoko, kuno amakhala 4 koloko kapena 5 koloko, malinga ndi nyengo. Nthawi imeneyo mnyamata wa pa Boma ali ndi ndalama imodzi yokha m'thumba, ndipo ayenera kusankha pakati pa bwalo ndi kanyumba koonetsa mpira pa kanema. Kukanemako mtengo walembedwa ndi choko pakhomo, gemu imayamba nthawi yake, pali benchi ndi denga, ndipo magetsi akazima mwini wake amaliza jenereta chifukwa akudziwa kuti akapanda kutero mawa anthu apita kwa mnzake. Arsenal ndi Manchester United sizidziwa kuti kuli malo otchedwa Mayani, komabe zikutenga ndalama ya mwana wa ku Mayani imene ikadagula bandeji ya timu yakwawo. Ndiye pali kubetcha, kumene kwameza ndalama zing'onozing'ono zambiri zimene kale zinkathera pageti. Timu imene ikukweza mtengo popanda kusintha kalikonse ikungokankhira anyamata amenewa kumene akupita kale.

Zinthu zasinthanso pamwamba panu. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM litayambitsa ligi yachiwiri ya dziko lonse mu 2025, yothandizidwa ndi NBS Bank, matimu amphamvu a m'zigawo adapeza kokwerera. Nzabwino ku mpira wa dziko, koma tanthauzo lake kwa ife nlakuti ligi ya m'chigawo idzidalira kwambiri anthu a pamudzi pomwepo, amene amabwera chifukwa goloboyi ndi mwana wa a neba, osati chifukwa cha dzina la timu. Anthu oterewa sachuluka mwadzidzidzi, ndipo mukawataya sabwerera msanga.

Chimene ndikupempha kwenikweni ndi tikiti. Kapepala chabe, kokhala ndi nambala, mtengo ndi chidindo, kong'ambika pawiri: theka kwa ine, theka litsale m'buku. Mabuku otere amasindikizidwa mosavuta, ndipo makhonsolo amatolera nawo ndalama za m'misika tsiku lililonse. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu amalandira chiphaso akalipira, nanga wolowa m'bwalo la mpira alekerenji? Bungwe lanu likhoza kulamula kuti timu iliyonse yolipiritsa pageti igwiritse ntchito buku lotere, ndipo nambala yoyamba ndi yomaliza zilembedwe pa lipoti la gemu limene oyimbira amatumiza kale. Powerenga ndalama pakhale woimira timu zonse ziwiri, mmodzi wa osewera kapena kaputeni, ndi mmodzi wa masapota. Zikatha, wina aime pakati pa bwalo ndi chimkuzamawu anene kuti talowa anthu angati, zapezeka zingati, oyimbira atenga zingati, mwini bwalo zingati, zatsala zingati. Kutchalitchi chopereka chimalengezedwa, pamaliro chipepeso chimawerengedwa dzina ndi dzina mpaka ndalama yotsiriza, ndipo palibe amene amati mwambowo ndi wonyoza. Mpira wokha ndiwo uli ndi manyazi ndi ndalama zake.

Ndikudziwa kuti ena adzakana, ndipo odzakana kwambiri adzakhala amene jumbo ija imawadyetsa. Ena adzati chiwerengero chikamveka osewera adzayamba kuvuta. Avute ndithu, thukuta ndi lawo. Ndipo mwini timu woona mtima ndiye adzapindula koposa, chifukwa lero anthu akaona bwalo ladzaza amamunena kuti walemera, chonsecho wagulitsa matumba a chimanga kuti alipire minibasi. Chiwerengero chikanenedwa poyera, anthu adzaona okha kuti geti siyikwanira, ndipo wamalonda wa pa Tsangano kapena pa Chimbiya adzakhala ndi chifukwa choponyera kangachepe.

Tikiti ikakhalapo, zina zimatsatira zokha. Gemu ikalephereka, munthu asunge theka lake nkudzalowa nalo gemu yotsatira, palibenso za "ndalama zapita kale". Mtengo ulengezedwe limodzi ndi ndondomeko ya masewero, pa WhatsApp ndi pa wailesi za m'madera, ndipo ulembedwe pa katoni pageti pomwepo kuti aliyense awerenge yekha. Bungwe lanu likhoza kuika malire, wotsika ndi wokwera, kuti timu isamadzuke m'mawa nkuwirikiza mtengo chifukwa alendo ndi otchuka. Amene akufuna kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba apatsidwe nambala ya timu, osati ya munthu, ngakhale ndikudziwa kuti netiweki ya m'mapiri muno siyodalirika ndipo ndalama yapamanja siyidzatha msanga.

Za ana ndinenepo pang'ono. Mwana wasukulu asamathamangitsidwe ndi chikwapu pampanda. Alowe ulele kapena ndi theka la mtengo, pa khomo lake, nthawi isanakwane. Ndi yemweyo amene adzalipire mtengo wonse zaka zikubwerazi, ndipo ena mwa iwo ndiwo adzavale jeziyo.

Pali anzanga amene amati mpira wa m'munsi uzikhala waulele basi, monga zikho za andale zimene zimabwera chisankho chikayandikira nkusowa chikangotha. Ine sindigwirizana nawo. Timu yodalira thumba la munthu mmodzi imafa tsiku limene munthuyo watopa kapena wagwa pa chisankho, ndipo taona matimu ambiri akutha choncho pakati pa ligi. Komanso geti yoyendetsedwa bwino imateteza moyo. Sitinaiwale za pa 6 July 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa poponderezana pa mageti a Bingu National Stadium pofuna kulowa kukaonera ulele gemu ya Bullets ndi Silver Strikers. Mabwalo athu ndi aang'ono, koma khomo lopapatiza, anthu osawerengedwa ndi oyang'anira osaphunzitsidwa zilipo kunonso, makamaka timu yaikulu ikagwera kuno m'masewero a zikho.

Eni mabwalo nawonso muwakhazike pansi, kaya ndi khonsolo, sukulu kapena mpingo. Ngati akutenga gawo lawo pa ndalama zapageti, gawo limenelo lizioneka pa bwalopo: chimbudzi chokhala ndi chitseko, mgolo wa madzi, maukonde osabooka, mabenchi angapo a okalamba, udzu wotchetchedwa Lachisanu osati tsiku la gemu. Bwalo limene lilibe mpanda nkomwe lisamalipiritse ngati lili nawo. Kumeneko kuli bwino mbale iyende pa hafu taimu, anthu aponye mwa kufuna kwawo, ndipo nayonso iwerengedwe poyera. Ndipo timu yofika mochedwa popanda chifukwa chomveka ilipire chindapusa chimene chidzamveke, chifukwa pakadali pano amene amalangidwa ndi kuchedwako ndi ife amene tafika nthawi yake.

Sindikupempha kuti zonsezi zichitike m'maboma onse tsiku limodzi. Sankhani mabwalo ochepa kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, muyesere kwa theka la ligi, kenaka mufananize ndalama zimene matimuwo ankanena kuti amapeza kale ndi zimene mabuku a matikiti adzaonetse. Zotsatira zake mudzazibweretse pa msonkhano wanu waukulu ndi kuziwerenga pamaso pa matimu onse. Ngati padzafunike anthu ong'amba matikiti ndi kuwerenga ndalama popanda malipiro, masapota tilipo, ndipo pa bwalo lakwathu ine ndidzakhala woyamba kulembetsa.

Ndine wanu m'masewero,
Wochemerera mpira,
Dedza Boma