Zoteteza mtima zili m'ndiwo zathu zomwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule. M'madepoti mwadzaza anyamata ogulitsa timabotolo ta "ma antioxidant" (michere yothandiza kuteteza maselo a thupi kuti asawonongeke), ati timatsuka mitsempha ya magazi. Mayi anga, odwala BP, anatsala pang'ono kusiya mankhwala akuchipatala atamva zimenezi.

N'kutheka kuti michere imeneyi ingathandize kuti mafuta oyipa a m'magazi asamakanirire m'mitsempha. Komatu ili kale mu bonongwe, chisoso, tomato, magwafa ndi malambe, zimene timangozidutsa pamsika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a zipatso ndi masamba patsiku, mchere osafika magalamu 5. Mapiritsi a vitamini E, yemwe ndi mmodzi mwa ma antioxidant, atayesedwa pa anthu masauzande, sanachepetse matenda a mtima.

Chinanso, amayi, chepetsani soda m'masambamo. Amapha vitamini C, yemwenso ndi antioxidant.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre