Achimwene, modemu ija ikubwera pa basi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, ntchito ikuyenda. Mvula yayamba, ndipo mvula ya Johannesburg siibwera yokha, imabwera ndi mphenzi. Kukagunda madzulo, mawa lake kushopu kwathu anthu amakhala pamzere atanyamula makompyuta.

Za modemu yomwe munadandaula ija, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pawaya wa foni, ndakupezerani ina. Ili m'katoni ya zovala za ana yomwe ndapereka kwa atransipota ku Park Station. Mukaiona musainyoze. Ndi yakale ndithu, kabokosi kokhala panja pa kompyuta, ka timagetsi kutsogolo, kolumikiza ku serial port, polowera waya kumbuyo kwa kompyuta. Yanuyo, mmene munafotokozera muja, ndi yam'kati, zija timati winmodem. Zimatchipa chifukwa ntchito yomwe modemu imayenera kugwira yokha zimaikankhira kwa kompyuta. Ndiye kompyuta yanu ija yakalamba kale. Mwana akangotsegula gemu, laini yaduka, muimbenso, bilu ya foni n'kumakwera. Yakunjayi imadzigwirira yokha ntchito.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi firmware. Ameneyu ndi kapulogalamu kokhala m'kati mwa modemu mwenimwenimo, kamene kamaiuza mmene ilankhulire ndi inzake ya kukampani ya intaneti. Mu 1997, mamodemu a liwiro la 56k atangotuluka, panali magulu awiri: x2 ya US Robotics, ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent. Awiriwa sankamvana. Yanu ikakhala ya gulu ili, ya kampani n'kukhala ya gulu linalo, mumabwerera ku liwiro lotsika la 33.6 ngakhale munalipira ndalama ya 56. Mu 1998 bungwe la ITU, loona za matelefoni padziko lonse, linakhazikitsa njira imodzi, V.90, ndipo opanga mamodemu anayamba kutulutsa firmware watsopano kuti akale aja aphunzire chilankhulo chimodzi. Ambiri omwe amabwera patebulo langa sanalandire firmware ameneyu, ena analandira woyambirira wokhala ndi zolakwika. Imalira kulira kwake kuja, kukhuluza, kuswa mluzu, kenako zii. Ina imalumikiza paliwiro lomwe waya sangakwanitse, n'kumangodukaduka. Kwa ine bola modemu yolumikiza pa 44 n'kukhazikika, kusiyana ndi yothamangira 52 n'kugwa pakapita mphindi zochepa.

Yomwe ndakutumiziraniyi ndaiika kale firmware wa V.90 konkuno, kompyuta ili pa UPS, batire yogwirizira magetsi akazima. Chonde Achimwene, wina aliyense asakunamizeni kuti aikemo wina watsopano. Magetsi akazima ntchitoyo ili pakati, modemu yatha basi, ndipo magetsi akwathu mukuwadziwa nokha. Mwezi watha kunabwera bambo wina yemwe anatsitsa firmware wa modemu ina yofanana dzina ndi yake, kusiyana chilembo chimodzi chokha kumapeto, n'kumuika mu yakeyo. Kagetsi kamayaka bwinobwino, koma ukailembera AT, mawu oyesera ngati ikumva, m'malo moyankha OK, iyo duu, ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Tinaitaya.

Kompyuta ikakuonetsani 115,200 musasangalale n'kuyamba kuuza aneba. Limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, osati la palaini. Ndipo 56 yeniyeniyo simudzaiona, ngakhale kuno sitiiona.

Tsono za mphenzi. Kuzimitsa kompyuta pakhoma sikokwanira, moto umalowera pawaya wa foni. Kunja kukangoyamba kuda, zulani waya ameneyo kumbuyo kwa modemu, ndipo muuzenso ana. Zomwe zapsa ndimazidziwa ndisanatsegule n'komwe, fungo lake lokha. Ukatsegula umapeza kadontho kakuda pafupi ndi polowera waya. Zina zimapsa mochenjera: modemu imagwira laini osaisiya, okuimbirani n'kumamva kuti foni ili bize tsiku lonse, inu muli phee m'nyumba kudabwa kuti bwanji lero palibe waimba.

Ikamadukabe, musafulumire kuiimba mlandu. Nyamulani foni, dinani nambala imodzi, mumvetsere. Mukamva kuthetheka, vuto ndi waya, mwina walowa madzi pomwe analumikiza panja paja. Komanso alamu asamanyamule foni ya kuchipinda inu muli pa intaneti, imaduka nthawi yomweyo.

Pulagi yake ndi yakuno, ya mano atatu obulungira, siilowa m'soketi zakwathu za mano a makona. Ndaikamo adaputala m'thumba la jekete ya mwana wamkulu, musaitaye ndi mapepala. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, pamenepo musadandaule.

Ndalama ya feteleza ya amayi sindinaike m'katoni, ibwera ndi mnzanga yemwe anyamuke kumapeto kwa mwezi. Muwauze asagulitse mbuzi. Nsapato za kamtsikana ndangoyerekeza saizi, zikakula asunge, akula nazo. Modemu ikalumikiza munditumizire imelo, mundiuze nambala yomwe yaonetsa ndiponso ngati denga la kukhitchini munalikonza mvula isanafike.

Moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa onse kumudzi.

Ine mng'ono wanu,
ku Joni