Kamera yaing'ono si choseweretsa, koma isakhale yokha m'chikwama

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano wa ife ojambula zithunzi, woti kodi timakamera ting'onoting'ono todulati ndi togwirira ntchito yolipidwa kapena tongodzionetsera basi. Ineyo ndimadyera kamera, ndipo kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuyenda ndi Fujifilm X100VI, ija inatuluka mu 2024.

Kuchepa kwakeko kusakunamizeni. Mkatimo muli sensa (kachipangizo kogwira chithunzi) ya mtundu wa APS-C ya ma megapixel 40, yomwe ija ili mu X-T5, kamera yokulirapo ya Fujifilm, ndiye chithunzi ungachidule kapena kuchisindikiza chachikulu osaona vuto. Anaikamonso kachipangizo koletsa kugwedera, kamene ma X100 akale analibe, moti madzulo kukamada umajambulabe ndi manja osafuna tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu chija. Koma chimene chandigwira mtima ine si manambalawa ayi. Ukatulukira ndi chikamera chachikulu, lens yake ngati mpope, anthu amauma thupi, ena kuyamba kukonza kolala, kumwetulira kwake kochita kukakamiza, pomwe kaka amangokayesa ka mlendo wongodutsa ndiye amapitiriza zocheza zawo, iwe nkumangotola zithunzi zenizeni. Shata yake, kachitseko kolowetsa kuwala pojambula, ndi ya mkati mwa lens, imangoti tsee, munthu ali pambali pakopo samva nkomwe. Shata yomweyo imalola kugwiritsa ntchito flash pa liwiro lalikulu dzuwa lili phwee, kuphatikizapo ND filter yochepetsa kuwala yomwe ili kale mkati, zinthu zoti pa kamera zina umachita kunyamula padera.

Tsono anzanga ena akuti agulitsa zida zonse atsale ndi kameneka, apo nde ndikukana. Lens yake ndi imodzi, 23mm f/2, siichoka, zoom yake ndi miyendo yako. Pa ukwati mkwati akulira misozi yachimwemwe kutsogolo uko iwe uli kumbuyo, uthamanga? Za mpira ndi mbalame tisanene nkomwe. Chachikulu kwa ine ndi chakuti polowetsa memory card ndi pamodzi pokha. Ntchito yolipidwa imafuna zithunzi zizisungidwa pa makadi awiri nthawi imodzi, chifukwa kadi imafa osatsanzika, ndipo kasitomala sungamuuze kuti bwerezani tsiku lanu lija. Batire nalo ndi laling'ono, nyamulani lina kapena awiri. Komanso kuti isalowe madzi ndi fumbi mpaka ugule ring ndi filter padera, kamera yodula chonchi, abale.

Zinzake nazo zili ndi pake. Ricoh GR III imalowa m'thumba la thalauza koma ilibe posuzumira ndi diso, umangodalira sikirini. Sony RX100 VII ili ndi zoom yofika 200mm koma sensa yake ndi yaing'ono, ya inchi imodzi, kukada imayamba kuvutika. Leica Q3 ya ma megapixel 60 ija ndi yokongola zedi, ine ndimangoiona pa intaneti, thumba langa silifikako.

Panopa ka Fujifilm kangaka ndimakakoloweka m'khosi pa ntchito iliyonse, kamera yaikulu ili paphewa, ndipo zithunzi zimene makasitomala akumasankha kuti ziikidwe mu fulemu zambiri zikumachokera mu kakang'onoka.

Ine wanu,
Wojambula zithunzi