Kalata kwa Akhristu onse pokonzekera Pasaka

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu m'makomo mwanu monse.

Lachitatu lapitali, titaweruka ku mapemphero a mlaga, mayi wina wa Mvano anandidikirira panja mpaka anthu onse atabalalika. Amuna awo anapita ndi matope aja anatsika m'phiri la Soche nthawi ya Namondwe Freddy, mu Marichi 2023, ndipo thupi silinapezeke mpaka lero. Achibale anaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe. Mayiwo, akupotokola nsonga ya chitenje, anandifunsa chapansipansi: "Abusa, lipenga likadzalira, adzatuluke m'manda muja ndani? Nthochi?"

Sindinawadzudzule, ndipo wina asayerekeze kuwadzudzula. Tomasi anayenda ndi Ambuye, anadya nawo, koma anakanitsitsa kuti sakhulupirira pokhapokha ataika chala chake m'mabala a misomali. Anatha sabata yathunthu mtima uli ziii, komabe sanachoke pakati pa anzake. Yesu anamupeza pomwepo, m'nyumba yotseka zitseko. Mayiwo ndinawatsegulira Chivumbulutso 20:13: "Ndipo nyanja inapereka akufawo anali momwemo." Amene amaitanitsa akufa kunyanja, matope a ku Chilobwe angamukanize?

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china, ndipo pano ndilankhula mosapsatira. Pali ena mwa inu amene Lamulungu mumaimirira n'kunena mokweza kuti mukhulupirira kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Pamaliro ndinu oyambitsa nyimbo, yunifolomu yosita bwino. Koma dothi lisanaume pamtumbira mwakwera kale kabaza mbandakucha, nkhuku kukhwapa, kukaombeza kwa sing'anga kuti akuuzeni wadya m'bale wanu ndani. Pobwerako chala chimaloza yani? Nthawi zonse gogo wosauka, wopanda womuyankhulira. Mwezi uno wokha nkhani zotere zafika kwa akulu ampingo kawiri, ndipo gogo mmodzi, amene anabatizidwa ambiri a inu musanabadwe, wasiya kubwera ku Mgonero poopa maso anu. Ena mukuti malemu sanafe, anangotengedwa m'matsenga, akulima m'munda wa munthu usiku. Ngati mukukhulupirira zimenezo, nanga pamanda paja tinkaimbira chiyani?

Mtumwi Paulo analemba kuti: "Ngati Khristu sanaukitsidwe, kulalikira kwathu kuli chabe, chikhulupiriro chanunso chili chabe." Mayi uja anabwera ndi kukayika kwake kutchalitchi, masana, kwa mbusa wake. Inu kukayika kwanu mumakuzembetsa usiku, n'kukakusandutsa mwala wogendera nkhalamba. Lirani ndithu, Yesu nayenso analira pamanda a Lazaro, koma musalire "monganso otsalawo, amene alibe chiyembekezo." Aliyense amene wanenera mnzake ufiti apite akapepese Lachisanu Loyera lisanafike. Akakana, nkhani yake ikalowa ku bwalo la akulu ampingo, ndipo sindidzayang'ana kuti ndi dikoni kapena wa kwaya.

Loweruka likudzali tikalambula kumanda kuyambira 6 koloko m'mawa. Abambo ndi achinyamata mubwere ndi makasu, zikwanje ndi mawilibala. Chaka chatha kunabwera amayi okhaokha, zisachitikenso. A mfumu tawadziwitsa kale. Lamulungu la Pasaka mapemphero oyamba adzakhala 5 koloko m'mawa, ndipo tidzatchula mayina a onse amene matupi awo sanapezeke. Mabanja apereke mayinawo kwa mlembi wa mpingo pofika Lachinayi.

Chopereka chapadera cha tsikulo chidzagulira malata amayi amasiye atatu amene akugonabe m'nyumba zodontha. Banja lililonse liyesetse K2,000, ndipo amene alibe ndalama abweretse chimanga kapena nandolo. Atsogoleri a milaga, maenvelopu mukatenge kwa msungichuma.

Ine mbusa wanu.