Ana aponye dayisi asanaloweze fomula

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundivutitsa maganizo pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa masamu, nkhani ya kaphunzitsidwe ka mutu wa mwayi, umene m'mabuku umatchedwa probability. Ambiri a ife aphunzitsi timayamba ndi kulemba fomula pabolodi, ana n'kukopera, n'kuloweza, koma ukawafunsa tanthauzo la 1/6 amangokuyang'ana kukamwa kuli yasa. Maganizo anga ndi akuti mwana ayambe wagwira dayisi m'manja, kenako ajambule zimene waona, ndipo fomula ibwere pambuyo.

Chaka chilichonse ndimatsegula mutuwu ndi sewero losavuta. Ndimalemba manambala kuyambira 1 mpaka 12 m'munsi mwa bolodi, gulu lililonse limasankha nambala yake, ndipo timaponya madayisi awiri n'kuphatikiza madontho amene aonekera pamwamba. Nambala imene yatuluka imasunthira kutsogolo kamodzi. Sipalephera kupezeka gulu losankha 1, ndipo ndimalisiya dala. Pakapita mphindi zochepa, mwana wina wa m'gululo amaimika dzanja nkhope itakwinyika n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa palibe chilungamo, madayisi awiri sangatulutse 1." Mwana ameneyo wamvetsa tanthauzo la mwayi wa 0 popanda ine kumuuza. Nthawi yonseyi gulu la 7 limakhala likulowera kutsogolo pamene a 2 ndi a 12 akungokwawa, ndipo kalasi yonse imayamba kufunsa chifukwa chake.

Funso limenelo timaliyankha ndi sikweya. Timajambula sikweya yaikulu n'kuigawa zigawo 6 choimirira ndi zigawo 6 chopingasa kuti timabokosi tonse tikwane 36, mbali imodzi ikuimira dayisi yofiira, inayo dayisi yoyera. Mitundu iwiriyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa ana ambiri amakhulupirira kuti 3 ndi 4 ndi njira imodzi yomweyo ndi 4 ndi 3, mpaka ataona okha kuti ndi timabokosi tiwiri tosiyana. Akadetsa ndi pensulo timabokosi topereka 7, amapeza kuti tilipo 6, tandandalika kuchokera pangodya ina kukafika pangodya inzake, pamene 12 ali ndi kabokosi kamodzi kokha. Pamenepo mwayi wasanduka malo amene mwana angathe kuloza ndi chala.

Ubwino wa sikweyayi umaonekera kwambiri pa funso ili: kodi mwayi woti 6 ioneke ngakhale pa dayisi imodzi mwa awiriwo ndi wotani? Pafupifupi kalasi yonse imaphatikiza 1/6 ndi 1/6 n'kuyankha 12/36. Koma akadetsa mzere wa 6 wa dayisi yofiira, n'kudetsanso mzere wa 6 wa dayisi yoyera, amaona kuti pamene mizereyo ikukumana pali kabokosi kamene kadetsedwa kawiri, ndipo akawerenga amapeza timabokosi 11. Lamulo lochotsa zimene zawerengedwa kawiri, limene ana amavutika kulikumbukira pa mayeso, amalitulukira okha ndi pensulo.

Njira imeneyi si yachilendo, pakuti phunziroli linabadwira m'masewero a dayisi. Galileo, katswiri wa sayansi wa ku Italy, anafotokoza chifukwa chake madayisi atatu amatulutsa 10 kawirikawiri kuposa 9, powerenga kuti mwa njira 216, zopereka 10 zilipo 27 pamene zopereka 9 zilipo 25. Nawo makalata amene Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, akatswiri a masamu a ku France, ankalemberana mu 1654, omwe anakhala maziko a phunziroli, anayamba ndi mafunso a anthu ochita masewero a mwayi.

Ndikudziwa kuti makolo ena ngakhalenso aphunzitsi anzanga amada nkhawa kuti kulowetsa dayisi m'kalasi n'kuphunzitsa ana kutchova njuga, ndipo nkhawa imeneyi sindikuipeputsa. Komabe mwana amene waponya dayisi kambirimbiri akulemba zotsatira amadziwa kuti dayisi sikumbukira zimene zinatuluka kale, kotero kuti 6 ikachedwa kuoneka sizitanthauza kuti yatsala pang'ono kubwera. Bodza limeneli ndi limene limamaliza ndalama za otchova njuga, ndipo sindikudziwa malo ena abwino oliphwasulira kuposa m'kalasi ya masamu.

Pempho langa kwa amene amasula aphunzitsi ndiponso olemba mabuku a masamu ndi lakuti sewero la madayisi ndi sikweya ya timabokosi 36 ziikidwe koyambirira kwa mutuwu. Zonsezi zimangofuna madayisi awiri pa gulu, mapepala, pensulo ndi phunziro limodzi kapena awiri.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu