Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri

Makolo ndi osunga ana nonse, ndakupatsani moni.

Teremu yachiwiri tatseka lero, tikuthokoza Mulungu kuti tafika nawo ana onse kumapeto ngakhale mvula ya kuno ku Mzuzu yatisowetsa mtendere, ena ochokera ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo amafika atanyowa mpaka makope omwe koma sanaleke kubwera. Malipoti atenga, muwafunse akuonetseni.

Koma chomwe ndalembera kalatayi ndi nkhani ya filimu ija, chifukwa makolo angapo anabwera ku ofesi ena kuimba foni ndipo ndinalonjeza kuti ndiyankha onse pamodzi. Ku kalabu ya Chingerezi aphunzitsi anaonetsa ana a Sitandade 7 ndi 8 gawo la pulogalamu ya ana ya BBC yotchedwa The Sarah Jane Adventures, yomwe inachokera ku pulogalamu ina ya BBC yotchedwa Doctor Who. Gawolo mutu wake ndi The Nightmare Man, linatuluka mu 2010. Cholinga chinali choti amve mmene eni chiyankhulo amayankhulira, basi. Kulakwa kwathu kunali koti mawindo a kalasi anali otsekula ndiye tiana ta Sitandade 3 ndi 4 tinaunjikana kumasuzumira, ndipo munthu wa mufilimuyo nkhope yake ndi yoyera mbee maso akuda bii, ena atapita kunyumba usiku sanagone. Pamenepo ndikupepesa ndi mtima wonse, sitinaganize bwino ndipo sizichitikanso.

Ine ndinakhala pansi nkuionera ndekha yonse. Nkhani yake ndi ya mnyamata dzina lake Luke yemwe watsala masiku ochepa kuti achoke pakhomo kupita ku yunivesite ya Oxford, masana akuseka ndi anzake ngati zonse zili bwino koma usiku akulota mayi ake ndi anzake Clyde ndi Rani akukondwa kuti akuchoka, akumuiwala. Chilombo cha nkhope yoyera chija mphamvu zake chikuzitenga pa mantha amenewo omwe mwanayo sakuuza munthu. Chikugonja pomwe anawo akumana atatu mmaloto momwemo nkuima pamodzi. Nditamaliza ndinaganiza za ana athu a Sitandade 8, mayeso a MANEB ali pafupi ndipo kunyumba zomwe akumva tsiku ndi tsiku ndi zoti ukalephera uona, mwana wa uje anasankhidwa kupita ku bodingi iwe bwanji. Aphunzitsi atawafunsa zomwe amalota ndinamva chisoni. Wina anati amalota ali mu holo ya mayeso bolopeni osalemba, wina anati amalota atafika kunyumba nkupeza anthu asamuka osamuuza. Ameneyu makolo ake akhala akukamba zomutumiza kwa azakhali ake ku Lilongwe akalemba mayeso, iye palibe anamufunsapo. Maloto amenewa sanabwere ndi filimu ayi, analipo kale, filimuyo inangowatsekula pakamwa.

Ndiye pempho langa pa holide ino ndi ili, mwana akadzuka usiku akulira musathamangire kumukalipira kuti wakula ukutisokosera, komanso musathamangire kunena pamaso pake kuti zimenezi ndi za afiti kapena agogo akumudzi. Chikhulupiriro cha banja lililonse ndimachilemekeza, kupemphera naye ndi bwino ndithu, koma mwana wa zaka 8 akamva kuti pali munthu akumubwerera usiku mantha ake amawirikiza ndipo mawa lake amaodzera mkalasi. Mufungatireni, muyatse nyali kapena tochi ya pafoni aone kuti ali kwawo, kukacha mumufunse modekha analota chani ndipo mumvetsere mpaka amalize.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu timazisokoneza. Maloto oopsa amakonda kubwera cha kummawa, mwana amadzukiratu, amakudziwani ndipo amatha kufotokoza zomwe walota. Koma pali zina zomwe zimachitika atangogona maola ochepa, mwana amakuwa mwina kudzambatuka maso ali pamtunda thukuta kamukamu koma sakukuonani, mukamugwira amaphupha, pakapita mphindi zingapo amagonanso ndipo mmawa sakumbuka kalikonse. Zikatero musamugwedeze kuti adzuke, ingoonetsetsani kuti sagwa pabedi kapena kugunda mbaula, zambiri zimatha zokha akamakula. Ndipo nyengo ya mvula ino mwana akamabwebweta usiku mukhudzeni kaye pachipumi, ngati thupi latentha thamangani naye kuchipatala akamuyeze malungo, osadikira kuti tione mawa. Ngati maloto akubwera usiku uliwonse kwa masabata, mwana wasiya kudya, wayambiranso kukodza pogona kapena akuopa munthu wina wake, pamenepo musakhale chete, bwerani tikambirane kapena pitani ku St John of God konkuno ku Mzuzu komwe kuli anthu ophunzira za maganizo a ana.

Kwinaku ndi tulo. Mwana wa pulayimale amafunika maola 9 mpaka 12 ogona, koma alipo ambiri omwe 10 koloko usiku ali pafoni ya amayi kapena ali ku vidiyo sho kumsika komwe amaonetsa mafilimu a mizukwa ndi kuphana osasankha kuti walowayo ndi wa zaka zingati. Ya ku sukulu ija inali yopangira ana ndipo inaopsabe tiana tating'ono, nanga za kumeneko? Foni ichoke mmanja ola limodzi asanagone, a Sitandade 8 awerenge masana ndi madzulo, zomawadzutsa 2 koloko usiku kuti aviike mapazi mmadzi ozizira ine sindigwirizana nazo, amafika kuno mutu uli zii.

Amene muli ndi ana olemba mayeso, ngati mwakonza zoti adzapite kukakhala kwina muwauze panopa ndipo muwalole afunse mafunso. Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti. Pobwera adzatenge majuzi chifukwa teremu yachitatu ndi ya chisanu, ndipo omwe sanabweze mabuku a sukulu adzabwere nawo tsiku loyamba.

Ndatha ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu