Kodi mzikiti wa ku Djenné anaumanga ndani?

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Unafunsa chomwe chandigwira mtima pa zowerenga zanga masiku ano. Ndi mkangano wa akatswiri pa mzikiti waukulu wa ku Djenné ku Mali, uja wa zidina ndi matope.

Mzikiti umene ulipo lero unatha kumangidwa mu 1907, Afalansa atalanda kale tauniyo mu 1893. Wakale unali utagumuka. René Caillié, mlendo wa ku France, podutsa mu 1828 anaupeza utadzaza zisa za anamzeze, ndipo Seku Amadu, wolamulira deralo pa nthawiyo, anausiya n'kumanga wina wosakongoletsa. Tsono ena amati poti watsopanowu unamangidwa pa nthawi ya atsamunda, ndipo nsanja zake zitatu zinaima molingana bwinobwino, ndiye kuti nzeru yake ndi ya Afalansa. Katswiri wina, Jean-Louis Bourgeois, anatsutsa zimenezi mu 1987, ndipo ine ndili mbali yake.

Amene anatsogolera ntchito ndi Ismaila Traoré, mkulu wa gulu la amisiri omanga a m'tauniyo, lotchedwa barey ton. Zoona, anthu anagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa, ndipo zimenezo sitingazibise. Koma kudziwa dothi la mu mtsinje wa Bani, kulisakaniza ndi mankhusu a mpunga, kulisiya livunde mpaka likwane, kodi zimenezo zinachokera ku Paris? Mitengo ya mtundu wa mgwalangwa yotuluka m'makoma ija ndi makwerero okhazikika. Chaka ndi chaka tauni yonse imasonkhana kukamata mzikiti mvula isanawononge: amayi kutunga madzi, anyamata kuponda ndi kusenza matope, amisiri kukwera pamitengo ija. Amene anaiikapo ankadziwa kuti adzukulu ake adzamata.

Chimandiwawa n'chakuti mapepala a atsamunda amasunga dzina la bwana, amisiri n'kungowatcha "antchito". Ganizira tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Tonse timatchula mmishonale David Clement Scott. Nanga amene anaumba ndi kuyala njerwa zija timawatchula?

UNESCO inalemba Djenné pa malo a chuma cha dziko lonse mu 1988, koma kuyambira 2016 ili pa mndandanda wa malo amene ali pachiopsezo, makamaka chifukwa cha kusowa kwa mtendere m'chigawocho. Ngati laibulale ya kwanuko ili ndi zolemba za Labelle Prussin, katswiri wa zomangamanga za ku Africa, chonde undijambulire masamba onena za amisiriwa.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mnzako wa kale lomwe.